Momwe tsiku limayendera pa sukulu za sekondale zogonera komweko

Ophunzira akasankhidwa kupita kusukulu ya sekondale yogonera komweko atakhoza mayeso a Sitandade 8 omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, makolo ambiri amaona ngati ntchito yawo yaikulu yatha. Koma kuyambira tsiku lomwe mwanayo wafika pasukulu ndi sutikesi, ndowa, mbale ndi bulangete, udindo womudyetsa, kumugoneka ndi kumuteteza umakhala m'manja mwa mphunzitsi wamkulu ndi antchito ake kwa masabata oposa khumi pa teremu iliyonse.

Sukulu zamtunduwu zinayamba kale m'dziko muno. Sukulu ya Blantyre Secondary inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ya Dedza mu 1951. Pa nthawiyo sekondale zinali zowerengeka, kotero kuti mwana wa ku Karonga kapena ku Nsanje sakanaphunzira popanda malo ogona pasukulu pomwepo. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana ofuna malo ku sekondale chinakwera kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo lero amaphunzira m'sukulu zoyendera za CDSS. Malo m'sukulu zogonera komweko ndi ochepa, ndiye chifukwa chake amalimbiranidwa.

Tsiku limayamba kusanache. Belu likalira, ophunzira amayala mabedi, kusamba ndi kugwira ntchito zomwe anagawiridwa monga kusesa pabwalo, kukolopa m'hositelo ndi kutsuka zimbudzi. Oyang'anira ntchitozi ndi ophunzira anzawo omwe anasankhidwa kukhala mapulifeketi, ndipo pamwamba pawo pali mphunzitsi woona za malo ogona ndi chakudya. M'sukulu za atsikana mumakhalanso mayi woyang'anira mahositelo, yemwe kawirikawiri ndiye amayamba kudziwa mwana akadwala usiku.

Akamwa phala kapena tiyi, ophunzira amalowa m'kalasi mpaka masana. Madzulo ndi nthawi ya masewero a mpira wa miyendo, wa manja ndi wa ntchemberembaye, kapena ya magulu monga a zisudzo, a mtsutso, osamalira zachilengedwe ndi a Edzi Toto. Akadya chakudya chamadzulo amabwereranso m'kalasi kukawerenga paokha, nthawi yomwe iwo amaitcha prepu.

Nthawi ya prepu ndiyo imasiyanitsa kwambiri mwana wogonera pasukulu ndi mnzake woyendera. Woyendera akaweruka amayenda mtunda wautali, ndipo akafika kunyumba ntchito zimakhala zikumudikira, makamaka akakhala mtsikana: kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kulera ana. Pomwe akumaliza kunja kumakhala kutada, ndipo nyumba zambiri zakumudzi zilibe magetsi. Wogonera pasukulu amakhala ndi maola angapo tsiku lililonse owerenga pansi pa getsi, ali pafupi ndi anzake oti angamuthandize masamu akamuvuta. Magetsi akazima kapena mphunzitsi woyang'anira prepu akapanda kubwera, mwayi umenewu umatayika ngakhale ana ali pasukulu pomwepo.

Nkhani yomwe imavutitsa aphunzitsi aakulu kuposa zonse ndi ya kukhitchini. Chakudya cha tsiku ndi tsiku m'sukulu zambiri za boma ndi nsima ya nyemba kapena ndiwo zamasamba, pomwe nyama, mazira, usipa ndi mpunga zimaoneka pa masiku osankhika okha. Vuto lagona pakuti ndalama zogulira chakudya zimakhazikitsidwa pasadakhale, pomwe mitengo pamsika siyima malo amodzi. Teremu yachiwiri, yomwe imayamba mu Januwale, imagwa m'nyengo yomwe chimanga chimasowa ndi kukwera mtengo anthu asanakolole. Sukulu yomwe sinagule chimanga ndi nyemba zokwanira nthawi yokolola imakakamizika kugula pang'onopang'ono pa mtengo wokwera, kapena kutenga pangongole kwa amalonda. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndondomeko za chuma zomwe sukulu zinali zitakonza kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro zinasokonekera pakati pa teremu.

Kugula kochuluka nakonso kuli ndi mavuto ake. Chimanga chosathiridwa mankhwala chimalowa anankafumbwe, nyemba zimafumbwa, ndipo ophunzira amazindikira msanga kuposa aliyense. Nkhuni nazo zimadya ndalama zambiri chifukwa miphika yophikira ana mazanamazana imakhala pamoto pafupifupi tsiku lonse.

N'chifukwa chake zipolowe zambiri za ophunzira zimayambira m'chipinda chodyera. Sikawirikawiri kuti ana aphwanye mawindo chifukwa cha chakudya cha tsiku limodzi. Nthawi zambiri amakhala atadandaula kangapo kudzera mwa mapulifeketi osalandira yankho, ndipo mphekesera yoti ndalama zawo zikudyedwa imakhala itafala kale m'mahositelo. Zikatero sukulu imatsekedwa, makolo amalipiritsidwa zinthu zoonongeka, ndipo a Fomu 4 amataya masiku omwe akanakonzekera mayeso a MSCE. Mphunzitsi wamkulu yemwe amaitana oimira ophunzira ndi komiti ya makolo n'kuwaonetsa mitengo yomwe akugulira zinthu amakhala atachotsa mphekeserazo zisanakule, ndipo kutero sikufuna ndalama iliyonse.

Loweruka ndi tsiku lochapa, kukonza m'mahositelo ndi zisangalalo monga magule ndi mafilimu. Mapemphero ali ndi malo ake: magulu a SCOM ndi YCS amakumana mkati mwa sabata, a Seventh Day amapembedza Loweruka, Asilamu amaswali Lachisanu, ndipo ena onse amapita kutchalitchi Lamulungu. Kutuluka kunja kwa mpanda kumafunika chilolezo, ndipo sukulu zambiri sizilola ophunzira kusunga mafoni a m'manja.

Pali mchitidwe wina womwe malamulo a sukulu amaletsa koma sunatheretu, wozunza ophunzira atsopano a Fomu 1. Umachitika usiku aphunzitsi atapita kunyumba zawo, ndipo umayambira pa kuwachapitsa zovala ndi kuwalanda ndiwo kapena ndalama mpaka kuwamenya. Akuluakulu ena amene anadutsa m'sukuluzi amaukamba moseka ngati gawo la kukula, koma mwana wa zaka 13 amene wachoka kwawo koyamba saona choseketsa, ndipo ena amathawa sukulu osafotokoza chifukwa.

Kuthithikana m'mahositelo kumachititsanso kuti matenda afale msanga. Sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera. Pasukulu yogonera komweko, mjigo kapena mpope ukangoonongeka kwa masiku awiri, zimbudzi, khitchini ndi malo osambira zonse zimakhudzidwa nthawi imodzi.

Kunja kwa dongosolo lonseli kuli gulu la ophunzira lomwe silioneka m'kaundula wa ogonera pasukulu. Awa ndi ana a m'sukulu za CDSS omwe kwawo ndi kutali, ndipo amachita lendi tizipinda m'midzi kapena m'misika yoyandikana ndi sukulu. Amadziphikira okha ufa womwe atenga kwawo, alibe belu, prepu kapena wamkulu wowayang'anira usiku. Atsikana ndiwo amakhala pachiopsezo chachikulu ufa ukatha pakati pa mwezi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe boma ndi mabungwe akhala akumangira mahositelo a atsikana m'sukulu zoterezi. Hositelo ikamangidwa pamafunikabe mayi woyang'anira, mlonda, ophika, madzi ndi mpanda, ndipo ndalama zolipirira zimenezi zimafunika chaka chilichonse omanga atachoka kale.