Chuma cha ku Joni: mwini akapita chimatsala bwanji?

Ku Ntaja, Liwonde, Ulongwe ndi pa Balaka, nyumba zambiri zamalata zinamangidwa ndi thukuta la ku Joni. Koma mnyamata uja akamwalirira komweko, maliro amabwera, pomwe ndalama za kubanki, galimoto kapena shopu zimatsalira kutsidya. Apa ndi pamene amasiye amayamba kuona zakuda.

Chuma chikakhala m'maiko awiri, maofesi amakhalanso awiri. Kuno ku Malawi nkhaniyi imayendera lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ku South Africa banki siitulutsa ndalama popanda kalata yochokera kwa Master of the High Court. Chuma chikakhala chosaposa R250 000, njira yake imakhala yachidule.

Pofuna kuzemba chipiringu chonsechi, ena amatsegula trust. Umapereka katundu udakali moyo kwa anthu omuyang'anira m'malo mwa ana ako, mofananako ndi wakfu yomwe Asilamu amaidziwa. Ukamwalira, katunduyo salowa m'chuma cha masiye chifukwa sali m'dzina lako.

Koma msonkho suzembeka choncho. Ku South Africa phindu la trust limadulidwa 45 peresenti. Kuyambira March 2024, phindu lopita kwa anthu okhala kunja kwa dzikolo limadulidwiratu mu trust momwemo. Ndiye ngati ana ali ku Nsanama, pa R100 iliyonse ya phindu la lendi R45 ipita ku SARS. Kupereka katundu kwaulere ku trust kungathenso kukoka msonkho wa mphatso wa 20 peresenti.

Chonsecho msonkho wa chuma cha masiye kumeneko, wa 20 peresenti, umayambira pamwamba pa R3.5 miliyoni. Ndi angati ogwira ntchito m'magadeni, m'nyumba ndi m'mashopu omwe afika pamenepo? Kwa ambiri, trust n'kugula ng'ombe pofuna mkaka wa tiyi mmodzi.

Chofunika ndi wilu yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizilandirako kanthu. Ena amalemba ziwiri, ya kuno ndi ya uko, koma loya aonetsetse kuti ina isafafanize inzake. Dzina la kubanki lifanane ndi la papasipoti. Mkazi adziwe komwe kuli mapepala, ndipo ana akhale ndi ziphaso zakubadwa, chifukwa ofesi ya ku Johannesburg idzafuna umboni wapapepala, osati mawu a amalume.