Zotsala za nzimbe si zinyalala

Tikamadutsa ku Mazabuka m'nyengo yodula nzimbe timaona magalimoto odzaza akulowela ku fakitale ya Nakambala. Ambili a ife timaganiza kuti katundu yenseyo amasanduka shuga. Koma pa tani imodzi ya nzimbe, shuga amene amatuluka sapitilila kwenikweni makilogalamu 120. Gawo lalikulu ndi madzi, ndipo pamatsalanso makoko ofinyidwa ochedwa bagasse, manyuci akuda ochedwa molasses, ndi matope otsala posefa madzi a nzimbe.

Akatswili amasandutsa zotsalazi kukhala zinthu zothandiza poseŵenzetsa tamoyo tosaoneka ndi maso, monga yisiti ndi mabakiteliya. Luso limeneli amalicha biotechnology. Dzinali lingaoneke lacilendo, koma nchitoyo timaidziŵa kale. Munkoyo kapena thobwa likamasasa, ndi tamoyo totele timene tikudya shuga wa m'katimo.

Tiyambe ndi molasses. Pafupifupi theka lake ndi shuga amene wakana kuuma. Akathilamo madzi ndi yisiti, yisitiyo imadya shugayo n'kutulutsa ethanol, amene amamucheza n'kumusakaniza ndi petulo. Brazil inayamba pulogalamu yaikulu ya mafuta amenewa mu 1975, ndipo anansi athu a ku Malawi akhala akupanga ethanol ku Dwangwa kuyambila mu 1982. Kuno kwathu mafuta a galimoto timagula kunja ndi madola, conco lita iliyonse yocokela m'munda wa nzimbe ingacepetse ndalama zotuluka m'dziko. Yisiti yofufumitsa buledi nayonso amaikulitsila mu molasses yemweyu.

Makoko ndiwo oculuka, makilogalamu 250 mpaka 300 pa tani iliyonse ya nzimbe. Mafakitale a shuga, kuphatikizapo Nakambala, amawatentha kuti apeze nthunzi yoyendetsa makina ndi kupanga magetsi. Amene tinakhala mu mdima maola ambili mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tikudziŵa kufunika kwa magetsi osadalila mvula ya caka cimodzi. M'makokomo mulinso shuga womangika m'ulusi wolimba, umene yisiti siingathe kuudya. Amayamba auphwanya ndi ma enzyme ocokela ku mitundu ina ya bowa, kenako yisiti imapanga ethanol. Ku Brazil mafakitale otele anayamba kugwila nchito mu 2014, koma njilayi ikali yokwela mtengo.

Palinso njila imene banja kapena kagulu ka azimayi kangakwanitse. Bowa wa oyster amamela bwino pa makoko a nzimbe. Makokowo amawawilitsa kuti tizilombo tina tife, amawaika m'mapulasitiki pamodzi ndi mbewu ya bowa, n'kuwasunga pamalo a mthunzi ndi cinyontho. Pakapita milungu yocepa bowa amayamba kutuluka, ndipo zotsala zake zimakhala manyowa a m'dimba.

Koma tisabise vuto lake. Pa lita imodzi ya ethanol pamatsala malita 10 kapena kuposelapo a madzi akuda onunkha. Madzi amenewa akatayidwa mumtsinje, mabakiteliya amene amawaoletsa amatha mpweya wa m'madzi, ndipo nsomba zimafa. Minda ya nzimbe ya ku Mazabuka imathililidwa ndi madzi a Kafue, mtsinje umene umadyetsa asodzi ndi kumwetsa anthu ambili a mu Lusaka. Yankho lili mu tamoyo tomwe tija. Madzi akudawo akatsekeledwa m'thanki mopanda mpweya, mabakiteliya amatulutsa gasi wophikila kapena wopangila magetsi, ndipo zotsala, pokhala ndi potaziyamu wambili, zimabwelela kumunda pa mlingo woyenela. Matope osefedwa aja nawonso amawaoletsa kukhala manyowa.

Kwa ife oŵeta ng'ombe, molasses wothila pa udzu wouma kapena mapesi amathandiza ziŵeto kudya bwino m'cilimwe. Ena amasakanizako urea, koma urea akaculuka amapha ng'ombe, conco tiziyamba tafunsa alangizi a ziŵeto. Ndipo tikamva kuti kudela kwathu kukubwela fakitale ya ethanol, tipite kumisonkhano yake tikafunse momveka bwino kumene madzi akudawo azipita.