"Stop swimming" ndi "stop to swim" si zofanana

M'Chichewa, mneni akatsatana ndi mnzake, wachiwiriyo amangoyamba ndi ku-: ndikufuna kusambira, ndimakonda kusambira, lekani kusambira. Chingerezi chili ndi njira ziwiri pomwe ife tili ndi imodzi, "to swim" ndi "swimming", ndipo apa ndi pomwe ambirife timapunthwa.

Taganizirani mnyamata wa ku Kande, kummwera kwa Chintheche, amene pa tchuthi amaperekeza alendo akunja m'mbali mwa nyanja kuti apeze ya fizi. Afika pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, malo amene ng'ona zimakonda. Iye akufuna kunena kuti "lekani kusambira pano", koma pakamwa patuluka "stop to swim here". Mlendo amva kuti "imani kuti musambire pano", n'kuyamba kuvula nsapato. Zoyenera kunena zinali "stop swimming here".

Mneni "remember" nayenso amasintha tanthauzo motero. "Remember to tie the boat" ndi chikumbutso kwa munthu amene bwato sanalimange. "I remember tying the boat" akunena ndi munthu amene analimanga kale ndipo akukumbukira. Kawirikawiri "to" amaloza chimene sichinachitike, pomwe "-ing" amaloza chimene chinachitika kapena chikuchitika.

Aneni ena amalandira njira imodzi yokha. Want, hope, decide, promise, agree ndi refuse amatsatiridwa ndi "to": "We decided to paddle to Kande Island." Enjoy, finish, avoid, mind ndi suggest amafuna "-ing": "They enjoy eating batala." Choncho "I enjoy to read", imene timaimva kawirikawiri m'kalasi, ndi yolakwika. Begin, start ndi continue amalola zonse ziwiri popanda kusintha tanthauzo.

Chenjerani ndi "look forward to". Pamenepa "to" ndi mperekezi, ngati "in" kapena "of", ndipo mneni wobwera pambuyo pa mperekezi amatenga "-ing". M'kalata yofunsira ntchito lembani "I look forward to hearing from you", osati "to hear".

Lamulo limodzi lokwanira aneni onse palibe. Mukakumana ndi mneni watsopano, musamulowetse yekha m'kope: lembani chiganizo chonse chimene mwamupezamo, kenako chiwerengeni mokweza kangapo mpaka khutu lizolowere.