Kum'mawa kwa Zambia ndi Njira ya Mphunzitsi wa Zaluso

Chigawo cha kum'mawa kwa Zambia chimayambira pomwe boma la Mchinji lathera. Wochoka ku Lilongwe amayenda makilomita pafupifupi 140, n'kudutsa pachipata cha Mwami, kuti afike ku Chipata, likulu la chigawochi, lomwe pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Jameson. Kuchokera pamenepo msewu wa Great East umalowera kumadzulo, kudzera ku Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, n'kuwoloka mtsinje wa Luangwa, ndipo umakafika ku Lusaka patatha makilomita oposa 550. Mtunda umenewu ndi wofunika kuukumbukira, chifukwa mwana wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amene akufuna kudzakhala mphunzitsi wa zojambula ali pafupi ndi Lilongwe kuposa Lusaka, koma mapepala omuyenereza ntchitoyo ambiri amakawatenga ku Lusaka.

Anthu a kuno si alendo kwa Mmalawi. Achewa ndi ochuluka ku Katete ndi Chadiza, ndipo Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, komwe mwezi wa Ogasiti uliwonse mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana pa mwambo wa Kulamba. Angoni a Mpezeni ali mozungulira Chipata ndipo amavina Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale. Ansenga ali ku Petauke, Akunda kuchigwa cha Luangwa, Atumbuka ku Lundazi. Chilankhulo chomwe ku Malawi chinayamba kutchedwa Chichewa mu 1968, ku Zambia chinasunga dzina loti Cinyanja, ndipo chimalembedwa ndi "c" pomwe Amalawi amalemba "ch". Ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zomwe boma la Zambia linavomereza kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu ndi kumveka pa wailesi.

Pa nkhani ya luso la manja, derali ndi lolemera kwambiri. M'mapanga a Thandwe, Katolola ndi Mkoma muli zithunzi zakale zojambulidwa pamiyala, zofiira ndi zoyera, zofanana ndi za ku Chongoni ku Dedza. Zina mwa zoyerazo akatswiri amati zimakhudzana ndi chinamwali komanso nyau. Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, amavinidwa kuno monga momwe amavinira ku Kasiya kapena ku Mitundu. Amayi amaumba mbiya ndi mitsuko, amatsutsuta makoma ndi dothi lamitundumitundu. Abambo amasoka mphasa, amaluka malichero ndi madengu, amasema mitondo ndi mipini. Ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, kuli ntchito yodziwika ya Tribal Textiles, komwe nsalu amayamba aijambula ndi phala la ufa, likauma n'kupaka utoto m'mipata, kenako phalalo n'kulichotsa, mizere yoyera n'kutsala. Mwana wokulira m'dera lotere amafika kusukulu maso ndi manja zitaphunzira kale zambiri. Chomwe chimasowa ndi mphunzitsi woti azindikire zimenezo ndi kuzikulitsa.

Ulendo wa mphunzitsi wotereyu umayambira kusekondale. Kwa zaka zambiri sukulu za ku Zambia zakhala zikuwerenga makalasi kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 12, ndipo mayeso a boma amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, lomwe ntchito yake ndi yofanana ndi ya MANEB. Ndondomeko ya maphunziro ya 2013 inagawa sekondale m'njira ziwiri, ina ya maphunziro a m'mabuku, ina ya ntchito zamanja, ndipo phunziro la Art and Design linapeza malo ake m'njira yachiwiriyo. Ndondomeko yatsopano, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2025, ikubweza mawu oti Fomu: pulayimale ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kenako Fomu 1 mpaka 4, ndi zaka zina ziwiri za A-level. Koma pakhomo la koleji funso silinasinthe. Zotsatira za mayeso omaliza zimalembedwa kuyambira 1 mpaka 9, monga za MSCE, ndipo wofuna uphunzitsi ayenera kukhala ndi makirediti osachepera asanu, Chingerezi chili momwemo. Apa ndiye pamagwa ana ambiri aluso. Mnyamata amatha kujambula nkhope ya agogo ake mpaka mudzi wonse kuvomereza kuti ndi iwowo, koma akapeza 7 pa Chingerezi, khomo limatsekeka mpaka atalembanso. Lamuloli lili ndi chifukwa chake, popeza maphunziro a kukoleji ndi mayeso amene adzakonzekeretse ana ake zonse ndi za m'Chingerezi. Komabe limataya manja ambiri abwino.

Wofuna kuphunzitsa kupulayimale safunika kupita kutali. Ku Chipata komweko kuli koleji ya boma ya Chipata College of Education. Kale maphunzirowa anali a satifiketi ya zaka ziwiri, chaka chimodzi pakoleji, china kusukulu, monga Amalawi anazolowera m'ma TTC awo; tsopano ndi dipuloma ya zaka zitatu, ndipo pa makirediti aja pamafunikanso masamu. Mphunzitsi wa kupulayimale amaphunzitsa chilichonse, choncho kujambula amakuphunzira pamodzi ndi nyimbo ndi masewera, pansi pa dzina loti Expressive Arts, lomwe likupezekanso pa ndandanda ya maphunziro a ku Malawi.

Wofuna kukhala katswiri wa phunziroli kusekondale ndiye amakwera basi ya ku Lusaka. Sukulu yomwe yaphunzitsa aphunzitsi ambiri a zojambula m'dzikomo ndi Evelyn Hone College, yomwe inatsegulidwa mu 1963 ndipo inatenga dzina la bwanamkubwa womaliza wa Northern Rhodesia. Dipuloma yake ya aphunzitsi a zaluso ndi ya zaka zitatu, ndipo imayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo wina ndi wa luso lenilenilo: kujambula ndi pensulo chinthu chomwe chili pamaso, kusakaniza ndi kupaka utoto, kuumba, kusema, kudinda nsalu, kukonza zilembo ndi zikwangwani, komanso mbiri ya zaluso. Mwendo wachiwiri ndi wa uphunzitsi: kakulidwe ka maganizo a mwana, kakonzedwe ka phunziro, kachongedwe ka ntchito. Asanamalize, wophunzirayo amatumizidwa kusukulu kukaphunzitsa moyeserera, mphunzitsi wa kukoleji n'kubwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera. Zimachitika kuti wodziwa kujambula bwino amalephera kufotokozera ana chomwe dzanja lake likuchita, amangolanda pensulo n'kumujambulira mwanayo. Kuchotsa chizolowezi chimenechi ndi gawo lalikulu la maphunzirowa.

Digiri inachedwa kubwera. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, koma kwa nthawi yaitali inalibe digiri ya zojambula, kusiyana ndi Chancellor College ku Zomba yomwe inali ndi nthambi ya zaluso. Akatswiri oyambirira ankaphunzira kunja: Henry Tayali, yemwe anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987, anaphunzira ku Makerere ku Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, ndipo nyumba yowonetsera zaluso ya Visual Arts Council ku Lusaka Showgrounds imatchedwa dzina lake. Mpata unatseguka pomwe Zambian Open University, yunivesite yomwe si yaboma, inayambitsa digiri ya zaluso motsogozedwa ndi William Miko. Popeza maphunziro ake ndi akutali, mphunzitsi wa ku Katete amatha kupitiriza ntchito, n'kumapita ku Lusaka pa tchuthi atanyamula zomwe wajambula. Ambiri amatsata njira imeneyi: dipuloma kaye, ntchito, kenako digiri, yomwe imawakweza pa malipiro ndi pa udindo.

Pepala la kukoleji palokha silipatsa munthu ufulu woima kutsogolo kwa kalasi. Lamulo la Teaching Profession Act la 2013 linakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia, ndipo mphunzitsi aliyense, wa m'sukulu yaboma kapena yoyima payokha, ayenera kulembetsa kumeneko. Amapereka zotsatira za kusekondale, dipuloma kapena digiri yake, chitupa chaunzika ndi ndalama yolembetsera. Akalowa m'kaundula amatenganso chiphaso chogwirira ntchito, chomwe chimakonzedwanso pakatha zaka zitatu zilizonse. Lamulo la 2013 lija linapatsanso bungweli ntchito yoyendera ndi kuvomereza makoleji a uphunzitsi, ndipo bungweli lili ndi mphamvu yochotsa m'kaundula wopezeka ndi mapepala achinyengo kapena wophwanya mwambo wa ntchito. Choncho kholo lisanagulitse mtedza ndi soya kuti lilipire fizi, liyenera kufunsa ngati kolejiyo ndi yovomerezeka. Mmalawi wokhala ndi digiri ya kwawo amene akufuna kukaphunzitsa tsidya ilo amayamba wapititsa mapepala ake ku Zambia Qualifications Authority kuti akawayerekeze ndi a kumeneko, kenako n'kulembetsa ku bungwe la aphunzitsi, komanso amafunika chilolezo chogwirira ntchito chochokera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko.

Ntchito ya m'boma amalemba ndi a Teaching Service Commission. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, kuyambira kumkaka mpaka kumapeto kwa sekondale, makalasi anadzaza, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi. Olembedwa kumene ambiri amatumizidwa kumidzi, ndipo kumeneko zomwe anaphunzira ku Lusaka zimayesedwa. Utoto wa m'sitolo ndi wodula, mapepala akuluakulu sapezeka. Mphunzitsi wanzeru amatuma ana kukatapa dothi kudambo, kulipeta miyala, kuliponda mpaka litafewa. Makala a pamoto amalowa m'malo mwa pensulo, mwaye umapereka mtundu wakuda, katondo wofiira, phulusa wotuwa. Matumba a simenti amawang'amba n'kuwayala pansi, khonje ndi mlaza n'kukhala zolukira. Akhoza kuitananso mayi woumba mbiya wa m'mudzimo kuti ana aone momwe amasalazira khosi la mtsuko ndi chitsononkho chonyowa. Ntchito zotere ana amakazionetsa pa mipikisano ya National Schools Arts Association of Zambia, yomwe imayambira m'zoni kukafika pa dziko lonse.

Pali malire amodzi omwe mphunzitsi wobwera kuno ayenera kuwadziwa, ndipo mabuku a kukoleji sawafotokoza mokwanira. M'mabuku a mbiri ya zaluso nkhope za nyau zimafotokozedwa ngati zosemasema, zoyenera kuziyeza ndi kuzikopera. M'mudzi wa Achewa ndi zilombo zochokera kudambwe, ndipo nkhani za kumeneko sizikambidwa pagulu la osameta. M'kalasi imodzi mumakhala ana olowa gule, ana a Angoni, ndi ana a m'mabanja a mpingo omwe safuna n'komwe kumva za gule. Mphunzitsi wochokera ku Copperbelt kapena ku Lusaka amachita bwino kuyamba wakaonana ndi a nyakwawa ndi komiti ya makolo, kuti agwirizane zomwe ana angajambule: bwalo, ng'oma, amayi oyimba ndi kuomba m'manja, kapena Kasiyamaliro monga amaonekera kwa aliyense pa tsiku la Kulamba.