Za Mwezi wa October 1945, ndi Misonkhano Imene Makolo Athu Sanaimve

Mwezi wa October tiudziwa ife monga mwezi wa dzuwa lowawa, pamene anthu a kuno ku Nambuma ali kusosa m'minda, kuthirira nazale za fodya m'madambo, ndi kupenya kumwamba ngati cizimalupsa cidzagwa. Ku Ulaya sikutero ai. Kumeneko ndiyo nyengo imene masamba ayoyoka ndi cisanu ciyandikira. M'caka ca 1945 cisanuco cinapeza anthu aunyinji opanda nyumba ndi cakudya, pakuti nkhondo yaikuru inali itangotha: Ajeremani anagonja m'mwezi wa May, ndipo Ajapani analemba maina pa kalata ya kugonja pa 2 September. Kwathu kuno mitima ya amai inali isanagwe pansi, cifukwa asilikari ambiri a Keyala anali akali ku India ndi ku Burma, kulindira zombo zowabwezera kwao.

Pa 24 October pangano la bungwe la maiko, la United Nations, linakhazikika. Maiko 50 anali atalemba maina pa panganolo ku San Francisco m'mwezi wa June, ndipo Poland analemba pa 15 October, nakwanitsa 51. Colinga cace cinali cakuti mitundu ikayambana, mlandu uzikambidwa pabwalo mikondo isanaturuke. Koma bwalo ili lili ndi mwambo wacilendo. Maiko asanu, ndiwo Britain, Amereka, France, Russia ndi China, anapatsidwa mphamvu yakuti mmodzi yekha wa iwo akakana, ciweruzo ca za mtendere cigwa, cinkana ena onse abvomere. Mwambowo ulipobe kufikira lero.

A mu Afrika amene anakhala pabwalopo anali anai okha: Ethiopia, Liberia, Egypt ndi South Africa. Ife a Nyasaland tinayesedwa ana a m'nyumba ya Angerezi, osayenera mpando. Ndipo taonani, wina wa iwo amene anathandiza kulemba mau oyamba a panganolo, onena za ulemu wa munthu aliyense, anali Jan Smuts, nduna yaikuru ya South Africa. Amuna athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndiwo anadziwa m'mene ulemuwo unaonekera pa citupa ndi m'makomboni.

Pa 16 October, ku Quebec m'dziko la Canada, linabadwanso bungwe loona za cakudya ndi ulimi, la FAO. Linali khanda pamene njala ya 1949 inagwa m'dziko muno, ndipo silinaitseke.

Tsono msonkhano umene ndifuna kuti aphunzitsi ausunge bwino ndi wina, waung'ono, wopanda akazembe. Unacitika mu mzinda wa Manchester ku Mangalande, kuyambira pa 15 kufikira pa 21 October, m'nyumba ya misonkhano ya Chorlton. Anasonkhanapo anthu akuda a ku Afrika, a ku zisumbu za West Indies ndi a ku Amereka: ophunzira, a mabungwe a anchito, ndi otumidwa ndi mabungwe a kwao. Mkulu wao anali nkhalamba W. E. B. Du Bois, wa zaka 77. Amene anasenza nchito yokonza anali George Padmore ndi Kwame Nkrumah wa ku Gold Coast. Panali Jomo Kenyatta wa ku Kenya, panalinso sing'anga wocokera ku Kasungu, Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anali ndi cipatala cace ku Mangalande. Iye anali mnzao wa Nyasaland African Congress, bungwe limene linayamba mu 1944, ndipo mtsogoleri wace woyamba, Levi Mumba, anali atamwalira m'January 1945.

Misonkhano yotere inacitikapo kale, kuyambira ku Paris mu 1919, koma a nthawi zija anali kupempha kuti atsamunda alamulire mwacifundo. A ku Manchester sanapemphe cifundo. Anati mitundu yolamulidwa idzilamulire yokha, nchito ya cikakamizo ndi tsankho la khungu zithe, ndipo ngati maboma akana, anthu anyanyale nchito ndi kukana malonda. Mau awa sanagwe pa thanthwe, pakuti asilikari obwera ku Burma anali ataona ndi maso kuti mzungu naye amva mantha, nathawa, nafa monga munthu aliyense.

Nkrumah anatsogolera Ghana ku ufulu mu 1957, Kenyatta Kenya mu 1963. Dr. Banda anabwerera kuno pa 6 July 1958, ndipo dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964. Sitingabise kuti ena a iwo amene anapfuula za ufulu ku Manchester, atakhala pampando, anatsekera anzao m'ndende popanda mlandu kukambidwa. Kuno cipani cinakhala cimodzi kuyambira 1966 kufikira anthu anacikana pa cisankho ca 1993. Aphunzitsi anene zonse ziwiri kwa ana, osabisa cina.

Mpando uja umene tinamanidwa mu 1945 tinaulandira pa 1 December 1964, tsiku limodzi ndi Zambia ndi Malta, zitapita zaka 19.