Mwana waulumali m'kalasi si katundu wa mphunzitsi yekha

M'sukulu za pulaimale za pa boma la Mulanje, monganso m'madera ena, mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana ochuluka moti mwana amene saona bwino pabolodi akhoza kutha chaka chonse akunenedwa kuti ndi waulesi. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi adadzaza koma aphunzitsi a za ulumali adakali ochepa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu oposa 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Ndondomeko ya boma ya 2017 inkafuna kuti ana otere aziphunzira limodzi ndi anzawo, ndipo izi zimatheka pokhapokha anthu angapo atagawana ntchito.

Titenge mwana wachialubino wa Sitandade 4. Woyamba kuona kuti akuyandikitsa buku kumaso ndi mphunzitsi wake. Iye akhoza kumukhazika kutsogolo ndi kulemba zilembo zikuluzikulu, koma sangayeze maso. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala, ndipo amene angamutengere kuchipatala cha boma cha Mulanje ndi makolo. Makolowo ndiwonso amadziwa zimene sukulu siiona: ngati mwanayo amayenda mtunda wautali padzuwa, kapena ngati akuopa kuyenda yekha. Komabe kawirikawiri iwo amaitanidwa pomaliza, zinthu zitavuta kale.

Mphunzitsi wamkulu amatengera nkhaniyo kwa mlangizi wa sukulu za m'zoni, yemwe amalumikiza sukuluyo ndi mphunzitsi wa za ulumali. Ambiri mwa akatswiriwa adaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo ena amayendera sukulu zingapo, kotero malangizo awo amagwira ntchito ngati pasukulupo patsala wina wowatsatira. Gulu la amayi limalondola mwana akasiya kubwera, pomwe komiti ya sukulu ndiyo ingakonze chimbudzi ndi khomo kuti wa njinga ya olumala alowe.

Unyolowu ukaduka, zimaonekera pamayeso. Bungwe la Maneb limakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a Braille, koma limadalira sukulu kunena za vuto la mwana pomulembetsa. Pakapanda wolemba zimenezi, mwanayo amalandira pepala lomwe sangathe kuliwerenga.