Zovala Zodzitetezera Popopera Mbewu: Nanga Mlimi Wolumala?

Sipuleya yobereka kumsana, imene alimi a thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba amadalira m'chigawo chino cha Africa, inapangidwa poganizira munthu wa manja awiri, miyendo iwiri ndi msana wolimba. Dzanja lina limapopa, lina limagwira ndodo yopoperera, ndipo thanki ya malita 16 ikadzaza imalemera pafupifupi makilogalamu 20. Magolovesi, majombo, ovolosi ndi chophimba kukamwa zimene alangizi amalimbikitsa nazonso zinasokedwa pa muyeso wa thupi lomwelo. Mlimi amene thupi lake silifanana ndi muyesowu amatsala ndi njira ziwiri, zonse zowawa: kupopera wopanda chitetezo, kapena kulemba waganyu ndi ndalama zimene akanagulira feteleza.

Alimi otere si ochepa. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika, koma anthu amene anaduka miyendo ndi mabombawo akadali m'midzi ndipo akulima. Ena analumala ndi poliyo, khate kapena ngozi zapamsewu. Chifikire mbozi zachilendo za ntchemberezandonda kum'mwera kwa Africa kumayambiriro kwa 2017, ngakhale mlimi wa chimanga amene sankaidziwa sipuleya anayamba kuibereka.

Ku America nkhani ya mlimi wolumala inafika m'sukulu zaukachenjede kalekale. Mu 1979 William Field wa pa Purdue University, m'chigawo cha Indiana, anayambitsa ntchito yotchedwa Breaking New Ground, mlimi wina wakufa ziwalo atapempha kuti amthandize kukweranso thirakitala yake. Lamulo la zaulimi la 1990 linakhazikitsa ntchito yonga yomweyo ya dziko lonselo, yotchedwa AgrAbility. Mu 1988 bungwe la National Science Foundation linayamba kupereka ndalama kwa ophunzira zaumisiri a chaka chomaliza kuti azipangira anthu olumala zipangizo, ndipo mu 1995 pa Purdue pomwepo panabadwa EPICS, ndondomeko imene magulu a ophunzira amagwirira ntchito anthu a m'dera lawo ngati mbali ya maphunziro.

Ubwino wa njira imeneyi ngwoonekeratu. Fakitale singasoke golovesi ya zala zitatu chifukwa ogula ngochepa, pamene gulu la ophunzira anayi kapena asanu lingathe kukhala ndi munthu mmodzi, kumuyeza, kusoka choyeserera, kuona pamene chalakwika ndi kusokanso. Zimene zimatulukira pa ntchito yotere ndi zinthu zazing'ono zosaganizirika kwa munthu walunga. Chala cha golovesi chopanda kanthu m'kati chimakodwa m'chigayo kapena m'makina opunthira. Mabatani ndi zipi sizimangika ndi dzanja limodzi, ndipo chovuta kuposa kuvala ndi kuvula: munthu wa dzanja limodzi amafuna kukoka golovesi ndi mano, chonsecho kunja kwake kuli mankhwala. Wopopera atakhala pa njinga ya olumala, mankhwala amamdikhira pamiyendo m'malo moyenderera pansi, choncho epuloni yake iyenera kudulidwa mwamtundu wina. Ndipo munthu wovulala msana kawirikawiri satuluka thukuta bwino kumunsi kwa pamene anavulala. Kumuveka ovolosi yapulasitiki mwezi wa Januwale nkumuika pangozi ina yatsopano.

Choopsa kwambiri chili pa munthu amene khungu lake silimva. Mlimi wina aliyense thanki ikamadontha amamva kuzizira kumsana nkuima. Amene anadwala khate, kapena amene matenda a shuga anamupha minyewa ya kumapazi, akhoza kuyenda munda wonse mankhwala ali m'golovesi kapena m'jombo iye osadziwa, ndipo mankhwala monga dimethoate amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka pamene pali bala. Dr Paul Brand, amene ankagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India, anasonyeza kuti chimene chimawononga zala ndi mapazi a odwala khate ndi mabala osamveka kuwawa, ndipo nsapato za mphira wofewa zimene iye ndi anzake anapanga zinachepetsa zilondazo. Jombo ya mlimi wotere iyenera kukhala yofewa m'kati koma yosalowa madzi kunja, zinthu ziwiri zovuta kuzipeza pamodzi m'sitolo.

Komabe ntchito za ophunzira zili ndi chofooka chake, ndipo nchachikulu. Chaka chamaphunziro chikatha gulu limabalalika, chovala nkutsala chimodzi chokha, chopanda wochikonza chikang'ambika. Chinanso nchakuti chovala chokwana bwino si chovala choteteza. Nsalu imene yamwa mankhwala imawasunga pakhungu tsiku lonse. Muyeso wa ISO 27065, umene unatuluka mu 2011, umagawa zovala za opopera molingana ndi kuchuluka kwa mankhwala amene amadutsa nsaluyo, ndipo chosokedwa m'kalasi chiyenera kuyesedwa chimodzimodzi. Apa mpamene akatswiri a mbewu angathandize, pakuti njira yothira utoto wowala m'thanki m'malo mwa mankhwala, kenaka nkuunika wopoperayo kuti aone pamene pagwera madontho, amaidziwa kale.

Akatswiriwa akudziwanso kuti nthawi zina chofunika kusintha si chovala ayi koma sipuleya. M'zaka za m'ma 1960, ofufuza za thonje m'maiko amene lero ndi Malawi ndi Zimbabwe, mmodzi wa iwo Graham Matthews, anaika timilomo topoperera kumbuyo kwa thanki kuti wopopera aziwasiya mankhwala m'mbuyo m'malo molowa m'mbewu zonyowa. Dzanja logwira ndodo linamasuka pamenepo. Sipuleya zabatire zamasiku ano zamasula dzanja lopopa. Kuphatikiza ziwirizi ndi ntchito yokwanira gulu la ophunzira a ku Bunda kapena sukulu ina yaulimi m'chigawo chino m'chaka chimodzi, malinga ngati angaganizirenso malamba omangika ndi dzanja limodzi, thanki yocheperapo kwa woyendera mwendo woikirira, ndi kumene mlimi wakumudzi azikatchajira batirelo.